Fyuluta ya Siponji ndi ya Pepala pa Injini Zogwira Ntchito M'fumbi

Makina otsindira dothi, osakanizira konkire ndi odulira njerwa amakhala m'fumbi tsiku lonse, ndipo fumbilo likadutsa pa kabuleta (kachipangizo kosakaniza mpweya ndi petulo) limakapala silinda ndi maring'i a pisitoni, mpaka injini imayamba kumwa oyilo ndi kufuka utsi wabuluu. Chotchinga chake ndi fyuluta ya mpweya basi, choncho m'pofunika kudziwa kusiyana kwa mitundu iwiri imene timakumana nayo kawirikawiri.

Fyuluta ya siponji imakondedwa chifukwa imachapidwa n'kubwezedwa kambirimbiri, koma chimene ambiri amaiwala n'chakuti chogwira fumbi losalala si siponjiyo payokha ayi, ndi oyilo amene wapakidwamo. Siponji youma imatsekereza mchenga wokhawokha, fumbi losalala n'kumalowa mwaufulu. Kuisamala kwake kumafuna kudekha: muichape m'madzi ofunda a sopo, muifinye m'dzanja osaipotokola kuti isang'ambike, iume bwinobwino, kenako muinyike mu oyilo watsopano wa injini ndi kufinya wotsalayo mpaka asiye kudontha. Mukasiya oyilo wambiri, injini imafuka mukangoiliza. Musaichape ndi petulo, chifukwa ngozi ya moto ndi yaikulu. Pamene pali simenti, oyiloyo amasakanikirana ndi fumbi n'kuundana ngati phala louma, mwakuti siponji ya pa makina a konkire ikhoza kufuna kuchapidwa tsiku lililonse, ndipo kunena zoona, ndi ochepa amene amachitadi zimenezi akaweruka atatopa.

Ya pepala imagwira fumbi losalala popanda oyilo, ndipo kuiyeretsa n'kosavuta: kuigogoda pang'ono pamalo olimba, kapena kuiuzira mpweya kuchokera mkati, mphamvu yake osapitirira 30 psi (psi ndi muyeso wa mphamvu ya mpweya wopopedwa). Burashi isaiyandikire, pakuti imakankhira fumbi mkati mwa pepalalo. Kufooka kwake ndi chinyezi. Ikanyowa ndi mvula, kapena ikalowa oyilo chifukwa makina anagonekedwa cham'mbali powanyamula, yatha ntchito, ndipo injini imabanika, kumatulutsa utsi wakuda. Buku la malangizo la injini yaing'ono ya petulo ya Honda GX160 limati fyuluta iyeretsedwe pa maola 50 alionse, kawirikawiri kuposa pamenepo ngati pali fumbi, ndipo pepala lisinthidwe pa maola 300 kapena pakatha chaka.

Palinso fyuluta ya mbale ya oyilo, momwe fumbi limagwidwa ndi oyilo wa m'mbalemo, imene imapirira fumbi lambiri, koma imafuna kuti makina aziima chilili nthawi zonse.

Ine ndimasankha fyuluta yophatikiza zonse ziwiri, pepala mkati ndi siponji yopyapyala kunja, makamaka pa makina otsindira dothi amene amadzutsa okha fumbi limene akupuma. Siponji imayamba kulandira zokhuthala, pepala n'kukhalitsa. Siponji yokha ndingaivomereze kwa munthu amene makina ndi ake ndipo amaichapadi, koma pa makina oyenda m'manja mwa anthu ambiri, ndi bwino kusunga ya pepala yapadera m'bokosi la zida.

Mtundu uliwonse umene mwasankha, mukaichotsa pitirizani chala mkati mwa njira yopita ku kabuleta. Chala chikatuluka ndi fumbi, ndiye kuti labala ya pansi pa fyuluta yasweka kapena nati ya pamwamba siinamangidwe bwino, ndipo mukonze zimenezo musanalizenso injini.