Mndandanda wapamanja, sniffing kapena load balancer: zimasiyana pati client ikalephera kufika ku Elasticsearch

Pulogalamu yathu yofufuzira zikalata inasiya kuyankha Lachisanu lina madzulo, anthu ali pafupi kuweruka. Elasticsearch yokhayo, yomwe imasunga ndi kufufuza zikalatazo, inali bwinobwino: ma node (maseva ake) onse atatu akuoneka pa _cat/nodes, ndipo _cluster/health ikunena kuti green. Ndikalemba curl (lamulo lotumizira funso pamanja) pa seva yomweyo yomwe pulogalamu imakhala, yankho limabwera pompopompo. Koma pulogalamu ya Java inkangolira kuti nthawi yodikira yatha. Tinakumba firewall mpaka usiku. Vuto tinadzalipeza m'malogi, pa adiresi yomwe palibe mmodzi mwa ife anailembapo paliponse: 172.18.0.3. Imeneyi ndi adiresi ya mkati mwa Docker, ndipo inafika ku pulogalamu kudzera mu sniffing, njira yoti pulogalamu izifunsa yokha ma adiresi a ma node, yomwe tinali titayatsa sabata yomweyo.

Chiyambire tsiku limenelo, mnzanga akandidandaulira kuti client yake (gawo la pulogalamu lolankhula ndi Elasticsearch) sikulumikizana ndi cluster (gulu la ma node), ndimayamba ndamufunsa kuti: kodi client yanuyo imadziwa bwanji komwe ma node ali? Njira zake zilipo zitatu, ndipo iliyonse ili ndi matenda akeake.

Yakale kwambiri ndi yolemba ma adiresi pamanja. Mumaika ma node awiri kapena atatu mu kasinthidwe ka pulogalamu, client n'kumawapatsa mafunso mosinthana. REST client ya Java ikapeza kuti node ina sikuyankha, imaiika pambali kwa mphindi imodzi, ndipo ikapitiriza kulephera nthawiyo imakwera mpaka mphindi 30. Ubwino wake ndi woti palibe chobisika: zomwe munalemba ndi zomwe ikuimbira. Ikafa, imafa moonekera. Kawirikawiri munthu amakhala kuti analemba adiresi imodzi yokha, ndiye node imeneyo ikazimitsidwa zonse zaima ngakhale cluster ili moyo. Kapena magetsi anathima, seva inadzuka ndi IP ina yochokera ku DHCP (yomwe imagawa yokha ma adiresi pa netiweki), mndandanda n'kutsalira m'mbuyo. Zimenezi munthu amazipeza m'mphindi zisanu.

Sniffing ndiyo imakopa anthu, ndipo chifukwa chake n'chomveka. Mumapatsa client adiresi imodzi, iyo n'kufunsa cluster kuti ma node onse ali kuti, kudzera pa _nodes/http. Yankho likabwera, imataya mndandanda womwe munaipatsa n'kutenga watsopanowo. Sniffer ya Java imabwereza zimenezi mphindi 5 zilizonse mukapanda kusintha. Mukawonjezera node, client imaidziwa yokha. Mukachotsa, imaiiwala yokha. Pa netiweki imodzi yopanda zopingasa, pomwe pulogalamu ndi ma node zimaonana maso ndi maso, palibe njira yokoma kuposa imeneyi.

Msampha uli pa mawu akuti publish_address. Node imalengeza adiresi yomwe imadziona nayo yokha, osati yomwe inu mumaifikira. Ikakhala mu kontena ya Docker, imalengeza 172.17 kapena 172.18 chakuti. Ikakhala kuseri kwa NAT (njira yomwe imaphimba ma adiresi a mkati ndi adiresi yakunja), imalengeza adiresi ya mkati. Client imalandira mndandandawo mokhulupirika, n'kutaya adiresi yabwino yomwe inali nayo, n'kuyamba kugogoda pa zitseko zomwe sizingatheke kuzifika. N'chifukwa chake curl imagwira pomwe pulogalamu ikukanika: curl ikugwiritsa ntchito adiresi yanu, pulogalamu ikugwiritsa ntchito ya node. Mankhwala alipo, ndiwo kulemba http.publish_host ndi http.publish_port pa node iliyonse kuti izilengeza adiresi yofikirika kuchokera kunja. Koma muyenera kutero pa node iliyonse, ndiponso pa iliyonse yomwe idzawonjezedwe chaka chamawa ndi munthu yemwe sanamvepo nkhaniyi.

Sizithera pomwepo. Yankho la _nodes/http limapereka adiresi ndi port basi, silinena ngati ndi http kapena https, ndiye sniffer ya Java imangoganiza kuti ndi http pokhapokha mutaiuza. Mukakonza zimenezo, mungagundenso pa satifiketi: munalumikizana ndi dzina, sniffing yakubwezerani IP, ndipo IP imeneyo mulibe mu satifiketi, ndiye TLS ikukana. Komanso akaunti yomwe pulogalamu imalowera iyenera kukhala ndi chilolezo cha monitor pa cluster, apo ayi funso la sniffing lenilenilo limakanidwa. Amene muli pa Elastic Cloud musaiyatse n'komwe, poti kumeneko mumalankhula ndi proxy osati ndi ma node.

Ndipatuke pang'ono, chifukwa pali zinthu zomwe zimapha njira zonse zitatu, ndipo ndaona anthu akusintha njira chonsecho vuto lili kwina. Port 9200 ndi ya HTTP, 9300 ndi yomwe ma node amalankhulirana okhaokha. TransportClient yakale inkalowera pa 9300 ndipo inkafuna kuti cluster.name ifanane, dzina likasiyana, monga pa Docker pomwe limakhala docker-cluster m'malo mwa elasticsearch, munkalandira NoNodeAvailableException ngati kuti seva yafa. Client imeneyo inachotsedwa mu Elasticsearch 8.0, yomwe inatuluka mu February 2022. Kuyambira mu 8.0 momwemo, chitetezo chimabwera choyatsiratu, ndiye mukaimba ndi http wamba curl imangoti Empty reply from server, pomwe malogi a node akulemba kuti alandira plaintext http traffic on an https channel. Java ikanena za PKIX path building failed, ndiye kuti simunaipatse fayilo ya http_ca.crt. Mukaona Connection refused, yang'anani network.host, chifukwa Elasticsearch zakale zimamvera pa 127.0.0.1 pokha mpaka mutazisintha, ndipo mukasintha node ikhoza kukana kudzuka chifukwa vm.max_map_count sinafike 262144. Chomaliza, kuyambira 7.14 ma client a Elastic amayamba afufuza ngati seva ilidi Elasticsearch, ndiye mukawalozetsa ku OpenSearch, yomwe Amazon inapatula mu 2021 kuchokera ku 7.10.2, amakana dala. Apo netiweki ilibe mlandu.

Tsopano load balancer. Pulogalamu imadziwa adiresi imodzi, kuseri kwake HAProxy, nginx kapena Service ya Kubernetes n'kumagawa mafunso. Pa Kubernetes palibenso zokambirana, chifukwa ma pod (momwe ma node amakhala) amasintha IP nthawi iliyonse akapangidwanso, ndipo ECK, chida cha Elastic choyendetsera Elasticsearch pa Kubernetes, imakupangirani Service ya dzina lothera ndi es-http pa 9200. Satifiketi imakhala ya dzina limodzi, firewall imatsegulidwa malo amodzi, ndipo ma node mungawasinthe osakhudza pulogalamu. Ine njirayi ndimaikonda, koma matenda ake ndi ovuta kuwagwira kuposa a sniffing, chifukwa amabwera mwa apo ndi apo.

Chizindikiro chake ndi ichi: munthu woyamba kufufuza m'mawa amalandira cholakwika, Connection reset by peer kapena kudikira masekondi 30 popanda yankho, koma akabwereza zimatheka. Mukapita kukayesa inu, zonse zili bwino, ndiye mumayamba kukayikira wodandaulayo. Chomwe chikuchitika n'choti client imasunga malumikizano otsegula kuti iwagwiritsenso ntchito, pomwe load balancer imadula aliwonse omwe akhala duu. Mukapanda kusintha, Application Load Balancer ya AWS imadula pakatha masekondi 60, Network Load Balancer pakatha 350, ya Azure pakatha mphindi 4. Linux nayo imatumiza keepalive (kauthenga kosunga malumikizano amoyo) yoyamba pakatha masekondi 7200, maola awiri athunthu. Ndiye client imatenga chingwe chomwe chinadulidwa kalekale n'kumalankhulapo. Kukonza kwake ndi kuuza client kuti izitaya malumikizano msanga load balancer isanawadule, kapena kutsitsa tcp_keepalive_time ndi kuyatsa keepalive mu client.

Amene mumagwiritsa ntchito nginx, kumbukiraninso kuti client_max_body_size imayambira pa 1 MB pomwe Elasticsearch imalandira mpaka 100 MB, ndiye _bulk yanu (funso lotumiza zikalata zambiri pakamodzi) ikabwezedwa ndi 413 si Elasticsearch yakana. Funso lotenga nthawi yoposa masekondi 60 limathera pa 504 chifukwa cha proxy_read_timeout. Ndipo health check (funso la load balancer loona ngati node ili moyo) yopanda pasiwedi imalandira 401, load balancer n'kuganiza kuti ma node onse afa. Pamwamba pa izo, load balancer ikakhala imodzi yokha pa seva imodzi, mwangosamutsira ngozi yonse pamalo amodzi.

Chomwe sindingalole n'kuphatikiza sniffing ndi load balancer. Funso loyamba limadutsa pa load balancer, sniffing n'kubweretsa ma adiresi enieni a ma node, client n'kuyamba kuilambalala. Netiweki ikalola, mwalipira load balancer yosagwira ntchito. Ikakana, mwabwerera ku Lachisanu lathu lija.

Kwa cluster yaing'ono ya ma node atatu kapena asanu pa maseva anu, ine ndingasankhe mndandanda wapamanja wa mayina, osati ma IP, ndipo musaikemo ma node omwe ntchito yawo ndi ya master (kuyang'anira cluster) yokha. Cluster ikakula, ikani ma node awiri ongolandira ndi kugawa mafunso, omwe node.roles yawo ilibe kanthu mkati, n'kulozetsa client kumeneko. Pa Kubernetes ndi pa mtambo, load balancer, mutayamba mwadziwa nthawi yomwe imadula malumikizano. Sniffing ndimaisiyira malo omwe ndadzionera ndekha kuti netiweki ndi imodzi.

Kudzionerako sikovuta. Lowani pa seva yomwe pulogalamu imakhala, kapena mu kontena yake yeniyeniyo, osati pa laputopu yanu. Imbani _nodes/http ndi curl, tengani publish_address iliyonse yomwe yabwera, n'kuiyesa payokhapayokha ndi curl -v pogwiritsa ntchito satifiketi ndi akaunti ya pulogalamuyo. Imodzi yokha ikakana, sniffing ikhale yozimitsa. Ife usiku uja zonse zitatu zinakana, ndipo titazimitsa sniffing n'kulemba mayina a ma node awiri, pulogalamu inayankha funso loyamba lomwe.