Miyezi 8 ndi timapepala toyezera artemisinin

Mu Meyi ndinalemba kuti mnzanga wochita kafukufuku wandipatsa bokosi la timapepala toyezera artemisinin, mankhwala a malungo opezeka m'masamba a chitsamba cha Artemisia annua, ndipo ndinalonjeza kudzanena mmene tayendera. Uno ndi Januwale, bokosi latsala pang'ono kutha.

Masamba amene ndimayeza ndi ouma, amabwera nawo alimi a ku Chongwe kuno ku Lusaka. Ndimasinja pang'ono, kuviika mu methanol (mtundu wa spiriti) chifukwa artemisinin sasungunuka bwino m'madzi, kenako kusungunula ndi kudonthezera pakapepala. Pakatha mphindi ngati 10, yankho latuluka.

Chimene chinandipusitsa poyamba ndi kawerengedwe. Tonse tinazolowera koyezera malungo ku chipatala: mizere iwiri, ndiye kuti tizilombo tilimo. Apa n'zosemphana. Kapepalaka kali ndi ma antibody (mapuloteni omamatira ku chinthu chimodzi chokha) opakidwa timadontho ta golide, opangidwa kuti agwire artemisinin. Masamba akakhala ndi mankhwala ambiri, ma antibody onse amagwidwa asanafike pamzere woyezera, mzerewo suonekanso, umangotsala mzere wotsimikizira kuti kapepala kakugwira ntchito. Ndiye mzere umodzi ndi nkhani yabwino, iwiri ndi masamba ofooka. Sabata yoyamba ndinabweza thumba labwinobwino. Bambo wachikulire amene analibweretsa anangoti, "Mwanawanga, masambawa ndakolola atangoyamba kuonetsa maluwa, yang'ananinso." Ndinayang'ananso, manyazi anandigwira. Iwo ankadziwa nthawi imene mankhwala amachuluka m'masamba, ine ndikuwerenga chozondoka.

Pa ntchito yosiyanitsa matumba, timapepalati tandithandiza kwambiri. Wina anabwera ndi masamba a Artemisia afra, amene amafanana ndi a Artemisia annua akauma koma alibe artemisinin wokwanira n'kumutchula. Mizere iwiri inatuluka yofiira psu. Thumba lina linakhala miyezi m'chipinda chotentha cha malata, nalonso linagwa mayeso.

Koma kuchuluka kwenikweni timapepalati sitinena. Masamba abwino amakhala ndi artemisinin pafupifupi 1 peresenti, ndipo kapepala kamangokuuzani ngati mwadutsa malire ake kapena ayi. Mukafuna kuyandikira nambala, muzisungunula kangapo ndi kuwononga timapepala tinayi kapena tisanu pa thumba limodzi. Nambala yodalirika ndi ya makina a mu labotale otchedwa HPLC basi.

Kutentha kwa Okutobala timapepalati tinapirira, ngakhale firiji inkazima ndi magetsi. Chinatigonjetsa ndi chinyezi. Mu Disembala ndinasiya paketi yotsegula usiku wonse mvula ikugwa, m'mawa timapepala tisanu ndi kamodzi sitinaonetse ngakhale mzere wotsimikizira. Kuyambira pamenepo ndimatsegula kamodzikamodzi.

Ogulitsa zitsamba ena a ku Soweto Market andipempha kuti ndiwayezere, kuti azinena kuti tiyi wawo amachiza malungo. Ndakana. Kapepala kamayeza tsamba, sikayeza zimene zalowa m'kapu kapena m'magazi a munthu, ndipo bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linanena mu 2019 kuti silivomereza tiyi wa Artemisia pochiza malungo. Mwana wanga atatentha thupi pa Khirisimasi, ndinasiya masamba pashelefu n'kupita naye kukayezetsa, anamwa mankhwala a malungo a Coartem.