Ofesi ya broker wa inshuwalansi ku Shrewsbury: ndapitako ndili ndi zaka 72

Kalata ya inshuwalansi itafika chaka chatha, ndinaiwerenga kawiri, n'kuvala magalasi, n'kuiwerenganso. Mapaundi 1,140 pa Toyota Yaris ya 2014, kagalimoto kongodziwa njira ya kutchalitchi, ya kumsika ndi ya kuchipatala. Nditaimba foni kukampaniko, anangondiuza kuti ndi ukalamba wangawu. Ndinavomera n'kulipira.

Nthawi imeneyo ndinali ku Birmingham, kuno ku England. Chaka chino ndasamukira kwa mwana wanga wamkazi, kunja pang'ono kwa tawuni ya Shrewsbury, ndipo ndi iyeyo amene anandikokera ku kaofesi kena ka broker, munthu wokufunira inshuwalansi kumakampani osiyanasiyana. "Adadi, za pa intaneti zija zikungokukwezani BP, tiyeni mukaonane ndi munthu maso ndi maso."

Mayi amene anatilandira sanayambe n'kufunsa zaka zanga. Anafuna postcode, nambala yosonyeza dera limene ukukhala, kenako malo amene galimoto imagona usiku. Ku Birmingham inkagona m'mbali mwa msewu, kuno imagona pabwalo la nyumba. Anandimasulira modekha kuti makampani amayang'ana mbiri ya dera lonse: magalimoto obedwa, ngozi, anthu oyendetsa opanda inshuwalansi, ndiponso akathyali aja ochititsa ngozi dala kuti apatsidwe chipukuta misozi, omwe Birmingham inatchuka nawo. Ndiye kuti zaka zonsezi ndakhala ndikulipirira zolakwa za anthu oti sindinamwepo nawo ngakhale tiyi. Galimoto yomweyo, mdala yemweyo, koma mtengo unatsikira pa mapaundi 610.

Msinkhu nawo uli ndi gawo lake, ndipo sanandibisire. Munthu ukadutsa zaka 70 mtengo umayamba kukwera, ndipo laisensi umaikonzanso ku DVLA, ofesi ya boma yoona za malaisensi, zaka zitatu zilizonse, mwaulere, bola maso akutha kuwerenga nambala ya galimoto pa mtunda wa mamita 20. Chimene chinandisangalatsa n'chakuti anakhala nane pansi n'kuwerengera mtunda umene ndimayenda pachaka pogwiritsa ntchito mapepala a MOT, omwe amaperekedwa galimoto ikapimidwa chaka chilichonse. Ndinkalembetsa mamailosi 10,000 kuyambira nthawi imene ndinkagwira ntchito yosamalira okalamba m'makomo, chonsecho lero sindifika ngakhale 4,000. Pa webusaiti palibe amene akanandifunsa zimenezo.

Ndinayesa kutchula zaka 20 zimene ndinayendetsa pakati pa Limbe ndi Lilongwe popanda kugunda ngakhale mbuzi pa M1. Anamwetulira n'kunena kuti mbiri imene ikuwerengedwa ndi ya kuno. Zimenezi zimandiwawabe, chifukwa anzathu a ku Zimbabwe ndi ku South Africa amangosinthitsa laisensi yawo, pomwe ife a ku Malawi tinachita kuyesedwanso ngati ana.

Anandichenjezanso pa chinthu chimene ena mwa ife timachita: kulembetsa adiresi ya m'bale wa kumudzi konkuno ku England pamene iwe ukukhala mumzinda. Ngozi ikachitika, kampani ikhoza kukana kulipira, ndipo dzina lako lada basi.

Zodandaula zilipo. A broker amadula mapaundi 45 a ntchito yawo, ndipo anawatchula titatsala pang'ono kusaina, osati poyamba. Pa mtengowo pali kale msonkho wa boma wa 12 peresenti, ndiye kandalama kalikonse kowonjezera kamamveka kuwawa kwa munthu wodalira penshoni. Loweruka satsegula, malo oimika galimoto ndi olipira, komanso kulipira pamwezi kuli ndi chiwongoladzanja, moti mwana wanga anandibwereka ndalama kuti ndilipire zonse kamodzi.

Chaka chamawa ndibwererako, koma ndiyamba ndauza mdzukulu wanga aone mitengo pa intaneti, ndipite ndi pepala m'manja. Za mapaundi 45 zija ndidzazifunsa ndisanakhale pampando.