Sitolo ya sola pa boma la Mangochi: katundu ndi weniweni, koma chenjerani ndi inveta yomwe akupatseni

Masitolo ogulitsa zipangizo za sola achuluka pa boma la Mangochi. Yomwe tikuiunika pano, dzina lake tilisunge, ndi ija imadzaza ndi anthu ochokera ku Makanjira, Namwera ndi Malindi, kuphatikizapo asodzi ofuna mabatire a nyali zophera usipa. Katundu wake ndi weniweni. Panelo iliyonse ili ndi chipepala kumbuyo chosonyeza mphamvu yake, ndipo anyamata a pamenepo amalola kuitulutsa padzuwa n'kuiyeza ndi mita inu mukuona. Lisiti amalemba, nambala ya batire amaikapo. Pa zimenezi palibe chowadandaulira.

Nkhani imavuta pa kauntala. Wogula akangotchula chomwe wabwerera, yankho limakhala lokonzeka kale: "Abwana, imeneyo ikuchepererani, tengani iyi mupumule." Nthawi zina akunena zoona. Nthawi zina akungofuna kuti katundu wodula achoke pa shelefu, ndipo munthu wosadziwa masamu a sola sangasiyanitse.

Masamuwo si ovuta. Tengani nyumba ya mababu anayi a 5W oyaka maola asanu, TV ya 45W yoonera maola anayi, ndi mafoni atatu. Mababu adya 100Wh (ndiye kuti ma watt awo kuchulukitsa ndi maola), TV 180Wh, mafoni pafupifupi 40Wh. Zonse pamodzi sizifika 350Wh patsiku. Batire ya 12V 100Ah imasunga 1,200Wh, koma ya asidi kapena ya gel simayenera kutsitsidwa kupyola theka, ndiye yogwiritsa ntchito ndi 600Wh. Ikukwana, n'kutsalako. Panelo ya 150W pa dzuwa la kunyanja kuno imabweza moto womwe nyumbayi yagwiritsa ntchito tsiku lomwelo. Inveta, chipangizo chosintha moto wa batire kuti ukhale ngati wa ESCOM, ya 300W kapena 500W ndi yokwanira.

Kwa munthu wa nyumba yotereyi, sitoloyi imakonda kumuonetsa inveta ya 3,000W, ati kuti "mawa mukagula filiji musadzagulenso ina". Apa ndi pomwe akulakwira anthu. Inveta yaikulu imadya moto ngakhale palibe cholumikizidwa, nthawi zambiri pakati pa 20W ndi 40W. Ikayatsidwa usana ndi usiku pa 25W, yamaliza 600Wh yokha, ndiye kuti moto wonse wa batire ija wathera kudyetsa inveta. Mwininyumba amadabwa kuti TV ikuzima mpira usanathe, n'kubwerera ku sitolo, komwe amamuuza kuti vuto ndi batire, agule yachiwiri. Yachiwiri ikabwera panelo ikadali ya 150W, ndipo mabatire awiriwo sadzadzanso. Batire ya asidi yokhala masiku osadzadza imachita nkhungu yoyera ya sulphate pa mapuleti ake, ndipo miyezi ingapo imakhala yatha. Chinthu chimodzi chosafunika chakoka china. Komanso lonjezo la filiji la mawa lija ndi lopanda mutu, chifukwa pa 12V inveta ya 3,000W ikagwira ntchito yake yonse imakoka ma amp opitirira 250, moto womwe batire imodzi ya 100Ah singaupereke kwa nthawi yomveka.

Chodabwitsa n'chakuti anyamata omwewa ali ndi malangizo ena okweza mtengo omwe ndi olondola kotheratu, ndipo ogula ambiri amawakana poganiza kuti akubedwa.

Akakuuzani kuti musiye batire ya galimoto mutenge ya deep cycle, yopangidwa kuti izipereka moto pang'onopang'ono kwa maola ambiri, amvereni. Ya galimoto idapangidwa kuti ipereke moto wambiri kwa masekondi ochepa polizira injini, ndipo mapuleti ake ndi opyapyala. Kuitsitsa usiku ndi usiku, monga amachitira asodzi ndi nyali zawo, imafa msanga. Akakuuzani za lithium ya mtundu wa LiFePO4, ganizirani bwino musanakane. Ndi yodula, inde, koma mumatha kugwiritsa ntchito 80% ya moto wake kapena kupitirira, ndipo imapirira kutchajidwa maulendo masauzande. Kwa ife a ku Mangochi palinso nkhani ya kutentha. Batire ya asidi imawerengedwa pa 25°C, ndipo kutentha kukakwera ndi madigiri pafupifupi 10, moyo wake umatsika ndi theka. Ganizani za chipinda cha malata chopanda siling'i mu October kapena November. Wogulitsa wonena kuti kuno gel siikhalitsa ngati ku Dedza sakunama.

Chimodzimodzi ndi filiji. Amene akufuna kusunga chambo kapena kugulitsa madzi ozizira akauzidwa kuti agule inveta ya pure sine wave, yotulutsa moto wosalala ngati wa ESCOM, osati yotchipa ya modified yomwe moto wake si wosalala, ameneyo wathandizidwa. Kompuresa ya filiji imatentha ndi kulira ikapatsidwa moto wa modified, ndipo poyamba kuzungulira imakoka mphamvu yochuluka katatu kapena kuposa ya masiku onse. Koma wotereyu afunikanso mapanelo ndi mabatire owonjezera, pakuti filiji imodzi yogona imadya pafupifupi 1,000Wh patsiku, nyengo yotentha kuposa pamenepo.

Pa charge controller, kachipangizo koyang'anira moto wochoka ku panelo kulowa mu batire komwe kali mitundu iwiri, MPPT yodula ndi PWM yotchipa, anyamatawa amasakaniza zoona ndi zamalonda. MPPT imafunikadi ngati panelo yanu ndi yaikulu ija yotulutsa 30V kapena 40V pomwe batire ndi ya 12V, chifukwa PWM imataya gawo lalikulu la mphamvuyo. Koma pa panelo ya 18V ya 100W kapena 150W, PWM ya 20A imagwira bwino, ndipo ndalama yotsalayo ndi bwino kuiwonjezera pa panelo. Iwo amangoti MPPT kwa aliyense.

Kuti mudziwe ngati akukuthandizani kapena akungokugulitsani, onani chomwe chayamba. Wogulitsa wabwino amafunsa kaye: muli ndi mababu angati, TV ya mainchesi angati, muziyatsa maola angati, ESCOM ilipo kapena ayi. Pa sitoloyi mafunsowa amafunsa mwini wake akakhalapo. Anyamata akakhala okha amayamba n'kufunsa kuti mwabwera ndi zingati. Choncho pitani ndi pepala lolembapo zipangizo zanu ndi maola ake, muwauze awerenge pamaso panu, ndipo chomwe alonjeza kuti chiyatsa chilembedwe pa lisiti. Ogulitsa ndi oika sola amayenera kukhala ndi chiphaso cha MERA, bungwe loyang'anira za magetsi ndi mafuta, ndipo kuchiitanitsa si mwano. Wogulitsidwa katundu pouzidwa zabodza akhoza kukadandaula ku Competition and Fair Trading Commission, bungwe loteteza ogula, koma popanda lisiti yolembedwa bwino mlandu wake sulimba.

Pali zinthu ziwiri zomwe sitoloyi ili nazo koma simazitchula mpang'ono pomwe, mwina poti phindu lake ndi lochepa: waya wonenepa ndi fuyuzi. Inveta ya 500W pa 12V imakoka ma amp opitirira 40, ndiye pakati pa batire ndi inveta pafunika waya wa 10mm², waufupi, osati wa 2.5mm² wa masoketi womwe ambiri amalumikizira. Fuyuzi ya 60A iikidwe pa waya wofiira, pafupi penipeni ndi mutu wa batire. Popanda iyo, mawaya awiri akagundana batire imatulutsa moto wake wonse nthawi imodzi, pulasitiki wa waya n'kuyaka, ndipo nyumba zambiri zomwe katunduyu akupita n'zofolera ndi udzu. Muziitanitse nokha musanalipire.