Soliton ya mu fiber kapena ya maatomu ozizira: wofufuza za quantum asankhe iti?

Masamu ake ndi amodzi. Soliton ndi funde loyenda lokha osabalalika, ndipo funde limeneli, kaya ndi la kuwala kapena la maatomu, limafotokozedwa ndi nonlinear Schrödinger equation, yomwe a maatomu amaitchula kuti Gross-Pitaevskii. Koma mu labotale njira ziwirizi zimasiyana kutali.

Fiber, ulusi wagalasi wodutsitsa kuwala, ndiyo inayamba. Hasegawa ndi Tappert analosera soliton zake mu 1973, ndipo Mollenauer, Stolen ndi Gordon anaziona ku Bell Labs mu 1980. Galasi limafuna kumwaza kuwala, pomwe Kerr effect (kusintha kwa mmene galasi limadutsitsira kuwala, kuwalako kukakhala kwamphamvu) imakusonkhanitsa. Ziwirizi zikalingana mphamvu, kuwalako kumayenda mtunda wautali osasintha maonekedwe. Ubwino wake ndi wakuti laser imatulutsa ma pulse (kung'anima kwa kuwala) mamiliyoni pa sekondi imodzi, choncho zoyeza zimachuluka msanga. Mu 1991 Rosenbluh ndi Shelby a ku IBM anaonetsa squeezing (kuchepetsa kugwedera kwa quantum pa mbali imodzi ya kuwala) mu soliton, koma anachita kumiza fiber mu nayitrojeni wamadzi kuti achepetse phokoso (kugwedera kosokoneza zoyeza) lochokera m'kunjenjemera kwa galasilo. Vuto lenileni ndi ili: soliton imodzi imanyamula ma photon (tinthu ta kuwala) pafupifupi 100 miliyoni, ndipo iwo amakhudzana mofooka kwambiri. Za quantum (khalidwe la tinthu tating'onoting'ono kwambiri) zilimo ndithu, koma zimaoneka ngati kakugwedera kakang'ono pamwamba pa funde lalikulu.

Maatomu ndi nkhani ina, ndipo ine mtima wanga uli kumeneko. Mu 2002 gulu la Randall Hulet ku Rice University ndi la Christophe Salomon ku Paris, aliyense payekha, anapanga bright soliton (soliton ya maatomu owunjikana pamodzi) ndi maatomu a lithium-7 oziziritsidwa mpaka kukhala Bose-Einstein condensate, mtambo wa maatomu ochita ngati funde limodzi. Soliton iliyonse inali ndi maatomu masauzande ochepa chabe. Chosangalatsa n'chakuti kukokana kwa maatomuwo mumakusintha nokha. Mukasuntha pang'ono mphamvu ya maginito pafupi ndi Feshbach resonance (mlingo wa maginito pomwe kukhudzana kwa maatomu kumasintha kwambiri), maatomu omwe amakankhana amayamba kukokana. Ku Rice anaona soliton zingapo zitandandalikana, zikupita uku ndi uku mumsampha wa laser, koma zoyandikana zikukana kugundana. Galasi la fiber simungalisinthe chonchi. Mmene munaligulira ndi momwemo.

Koma maatomu amavuta kuwasamala. Akapyola chiwerengero china, soliton imadzikokera mkati n'kuwonongeka. Kujambula chithunzi nthawi zambiri kumamwaza mtambo wonse, ndiye mumayambiranso kuziziritsa, n'kudikira masekondi ambiri kuti mupeze chithunzi chimodzi. Pamafunikanso vacuum yolimba (malo ochotsedwa mpweya) ndi ma laser angapo osasuntha n'komwe, zomwe ndi ndalama zambiri.

Wofuna kuwala kopanda phokoso lambiri kuti ayezere zinthu mwatsatanetsatane, kapena amene thumba lake ndi lochepa, atenge fiber. Wofuna kuona tinthu tochepa titamangana kukhala chinthu chimodzi cha quantum, monga wasayansi McGuire anawerengera mu 1964, apirire ndi lithium.