Canon R50, Nikon Z50 ndi Sony a6100: Yambani mwaona lenzi

Anthu ambiri kuno ku Dedza akafuna kusiya kujambulira foni n'kugula kamera yawo yoyamba amafunsa za ma megapixel (kuchuluka kwa timadontho topanga chithunzi), koma pa makamera atatu opanda kalilole m'kati amene ndawagwiritsapo ntchito, nambala imeneyi siyenera kukutsogolerani. Canon EOS R50 ya mu 2023 ndi Sony a6100 ya mu 2019 ali ndi ma megapixel 24, pamene Nikon Z50, nayonso ya mu 2019, ili ndi 20.9, ndipo pa chithunzi chotumiza pa WhatsApp kapena chotsukitsa kuti chipachikidwe pabalaza, diso silingaone kusiyanako. Kusiyana kwenikweni kuli pa lenzi imene imabwera limodzi ndi kamerayo m'bokosi.

Canon imabwera ndi lenzi ya 18-45mm, pamene Nikon ndi Sony amapereka ya 16-50mm. Nambala yoyambayo ikachepa, lenzi imaona malo aakulu. Mamilimita awiri akumveka ochepa, komabe popeza sensa ya Canon (kachipangizo kolandira kuwala m'kati mwa kamera) ndi yocheperako, 18mm yake imaona ngati 29mm pa kamera ya sensa yaikulu, pomwe 16mm ya enawo imaona ngati 24mm. Ine ndinamvetsa kukula kwa nkhaniyi ku Chentcherere, amodzi mwa malo 127 a zojambula za pamiyala za ku Chongoni, zomwe UNESCO inaziika m'kaundula wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Pansi pa thanthwe paja malo obwerera m'mbuyo ndi ochepa, ndipo ndi lenzi ya Canon ndinkangodula zojambulazo m'zidutswa, pamene ya Nikon inatenga khoma lonse kamodzi. Vuto lomweli mudzakumana nalo pa chinkhoswe cha m'nyumba, pamene ankhoswe a mbali zonse akuyenera kulowa m'chithunzi chimodzi inu msana utagunda kale khoma.

Pa kuwala, lenzi ya Canon ikutsaliranso, chifukwa imayambira pa f/4.5 pamene zinazo zimayambira pa f/3.5 (nambala ya f ikachepa, chibowo cha lenzi chimakula), kutanthauza kuti zimalowetsa kuwala kochulukirapo ndi kuposa theka. M'tchalitchi, kapena m'mawa wa mu June chifunga chitakuta phiri la Dedza, kusiyana kumeneku kumaonekera pa zithunzi. Pakati pa ziwiri za 16-50mm, ya Nikon ndi yakuthwa mpaka m'makona, pamene ya Sony, yomwe imayenda ndi kamota, imafewa m'mbali, ngakhale kuti kamotako kamathandiza kukoka chithunzi mosadumphadumpha pojambula vidiyo.

Sindikunena kuti Canon ndi yosathandiza, ayi. R50 imalemera magalamu 375 okha, ndipo fokasi yake imazindikira anthu, nyama ndi magalimoto n'kumazitsatira yokha, moti pojambula ingoma ku Ntcheu, amuna akudumpha ndi zishango, inandipatsa zithunzi zooneka bwino zambiri kuposa Z50, imene imataya nkhope munthu akatembenuka mwadzidzidzi. Sony nayo imagwira diso la munthu mosaphonya kawirikawiri.

Nikon Z30 ndi Sony ZV-E10 ndi zotsikirapo mtengo, koma zilibe kagalasi kosuzumiramo ndi diso, ndipo amene anayesapo kujambula pa msika wa Lizulu masana a mu October akudziwa kuti sikirini imangosanduka yakuda padzuwa. Ngati cholinga chanu ndi zithunzi osati vidiyo, zilambalaleni.

Mukamaganizira za mtsogolo, Sony ili patsogolo chifukwa malenzi ake, kuphatikizapo opangidwa ndi makampani ena monga Sigma ndi Tamron, ndi ambiri ndipo ogwiritsidwapo kale ntchito amapezeka mosavuta kuposa a enawo. Dziwaninso kuti pa malenzi atatu a m'bokosi aja palibe imene inamatidwa kuti fumbi ndi mvula zisalowe, choncho m'chilimwe musamasinthire lenzi pamtetete, chifukwa sensa ya kamera yotere imakhala poyera mukangochotsa lenziyo.

Ine ndinasankha Z50 chifukwa zimene ndimajambula kwambiri ndi mapiri, minda ya mbatatesi ku Bembeke ndi achibale ataima phee. Mlongo wanga, amene ana ake sakhazikika pansi, ndinamulangiza kuti atenge a6100, ndipo akadzapeza ndalama asinthe lenzi ya m'bokosiyo ndi Sigma 18-50mm ya f/2.8.