Lathe yogona kapena yoimirira: chitsulo cholemera chiikidwe pati?

Anzanga a m'mawekishopu mwandifunsa mokwanira kuti chitsulo cholemera chiikidwe pa lathe iti (makina ozungulitsa chitsulo n'kumachipala), yogona kapena yoimirira, ndiye ndiyankhe kamodzi pano. Tikunena zitsulo zazifupi koma zotambalala komanso zolemera, flywheel (wilo lolemera) ya crusher (makina ophwanyira zinthu), pule yaikulu, wilo la sitima, zija zoti amuna anayi sangadzutse. Za shaft yaitali musafunse n'komwe, ndi yogona basi, ngakhale roller ya makina ofinya nzimbe ndi yolemera matani koma imafuna kugwiridwa mbali zonse, yoimirira ilibe tailstock yogwirira kumapeto kwinako.

Pa flywheel mpomwe ine ndili ndi mangawa ndi yogona. Tinapereka yathu, yotambalala kupitirira mita, ku wekishopu ina kuti akonze bore (bowo lapakati) ndi kupala nkhope yake. Bwana wake akuti palibe vuto, tichotsa gap (chidutswa cha bedi ya lathe chomwe chimachotsedwa kuti chitsulo chotambalala chikwane) ilowa. Inalowadi. Koma taganizani, chitsulo chonsecho chikulendewera pa faceplate (mbale yozungulira yomangirirapo chitsulo), kulemera konse kukukoka bering'i yakutsogolo ya spindle (shaft yozungulitsa chitsulocho), ndiye kuti achiike pakati ndi dial gauge (choyezera ngati chitsulo chili pakati) mmodzi agwire tcheni wina azimenya ndi hamala wina azimanga mabauti, akamanga uku kwinaku chatsetsereka. Tsiku linathera pomwepo. Atayamba kudula makina onse akunjenjemera, anatsitsa spidi mpaka pansi koma nkhope inatulukabe ndi mizere, titaibweza pa crusher ikuvina, malamba osakhalitsa. Chondiwawa kwambiri chinali invoisi, pansi analembapo setting charge (ndalama yoikira chitsulo pamakina) yapadera yomwe pa koteshoni panalibe, ndiye kuti tinalipira maola omwe iwo ankalimbana ndi makina osayenera ntchitoyo. Komanso eni ma lathe mukudziwa, gap mukaichotsa kawirikawiri sibwerera ndendende, saddle (chonyamula mpeni wodulira chomwe chimayenda pabedi) imayamba kugunda polumikizira paja.

Pa yoimirira nkhani yake ndi ina. Kireni imangotsitsa chitsulo patebulo n'kukhala ngati mphika pamafuwa, kulemera komwe kumakuvutani pa yogona kuja apa ndi komwe kukukugwirirani ntchito. Mumasuntha pang'onopang'ono ndi ma jaw (zogwirira chitsulo patebulo) mpaka dial itakhazikika, palibe choopa kuti chigwera munthu paphazi, ndipo mutha kudula mozama osamva kulira. Choipa chake zinyenyeswa sizigwa zokha, zimadzaza mu bore ndi patebulo, muziimitsa n'kumachotsa, makamaka pa cast iron fumbi lake.

Tsono ena mukuti tigule yoimirira yathu. Zakale zabwino zilipo, Webster & Bennett ya ku Coventry, Bullard ya ku America, za ku Russia zija 1512 ndi 1516 zopangidwa ku Krasnodar, yoyambayo imalandira chitsulo mpaka 1250 mm inayo 1600 mm. Ya ku China C5116 nayo ndi 1600 mm, yatsopano, masipeya osavuta, koma ine mtima wanga uli pa Webster & Bennett, mwina n'chizolowezi chabe. Chenjerani ndi mtengo womwe wogulitsa ku Johannesburg angakuuzeni, umenewo ndi wa makina ali pomwe aliripo. 1516 imayandikira matani 20, mota yake 30 kW, ndiye muwerengere oimasula, kireni yokweza, lowbed (lole yonyamula makina olemera) yodutsa Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka Mwanza, msonkho, kireni ina yotsitsa, faundeshoni yakuya ya konkire, three phase yokwanira, nthawi zina mpaka kukweza denga. Popanda kireni ya m'kati mwa wekishopu makinawo ndi chokongoletsera chabe.

Ndiye ngati ntchito zoterezi zimakupezani mwa apo ndi apo musagule, sungani yogona yanuyo muzidyera ma shaft ndi ma bush. Koma chitsulo chotambalala chikabwera pititsani kwa amene ali ndi yoimirira olo transipoti ikwere, mukaone makinawo ndi maso anu, ndipo setting ilembedwe pa koteshoni musanatsitse katundu pa lole.